Mmene Mabuku a Anthu Akuda a ku America Analowera M'kalasi za ku Yunivesite

M'chaka cha 1772, amuna 18 olemekezeka a mumzinda wa Boston anasaina chikalata chotsimikiza kuti ndakatulo zina zimene zinkadikira kusindikizidwa zinalembedwadi ndi Phillis Wheatley, mtsikana wakuda amene anali kapolo m'nyumba ya banja la Wheatley. Mwa amunawo munali bwanamkubwa wa Massachusetts, Thomas Hutchinson, komanso John Hancock. Mtsikanayo anafika ku Boston pa sitima ya akapolo mu 1761 akadali kamwana, ndipo buku lake linatuluka ku London mu 1773 chikalata chija chili kumayambiriro kwake. Chikalatacho sichinkanena za kukoma kwa ndakatulozo ayi. Chinkayankha funso lina: kodi munthu wochokera ku Africa angathedi kulemba zotere? Funso limeneli linatsata zolemba za anthu akuda a ku America kwa zaka pafupifupi 200. Anthu ankaziwerenga monga umboni pa mlandu, umboni woti wakuda ndi munthu, umboni wa nkhanza za ukapolo, umboni wa tsankho. Ndikufuna kusonyeza kuti mbiri ya phunziro limeneli m'makoleji ndi mbiri ya kulimbana kuti pafunsidwe funso lachiwiri, lakuti kodi bukuli mwini wake analiluka bwanji. Ndiponso kuti ntchito yaikulu ya kulimbanako inagwiridwa ndi aphunzitsi ndi osunga mabuku a m'makoleji a anthu akuda, mayunivesite otchuka amene lero amanyadira phunziroli akadali m'tulo.

Kuti zolembazi zinayamba ngati umboni n'zosadabwitsa. Lamulo la ku South Carolina la 1740 linaletsa kuphunzitsa kapolo kulemba, ndipo m'zaka za m'ma 1830 madera ena akummwera anakhwimitsa malamulo otere. Thomas Jefferson, m'buku lake lofotokoza za Virginia, ananyoza ndakatulo za Wheatley kuti n'zosayenera n'kuzisanthula komwe, ndipo chinyozocho chinali mbali ya mfundo yake yoti anthu akuda ndi operewera nzeru. Olimbana ndi ukapolo anafunika mboni zoti zitsutse bodza limeneli. Pamene Frederick Douglass anatulutsa mbiri ya moyo wake mu 1845, kumayambiriro kwa bukulo kunali mawu a azungu awiri otchuka, William Lloyd Garrison ndi Wendell Phillips, omuikira kumbuyo kuti akunena zoona. Douglass anatchula maina a ambuye ake ndi malo enieni kuti otsutsa asowe chonena, ndipo chifukwa cha zimenezo anapita ku Ireland ndi ku Britain poopa kugwidwanso. Umboni wotere unagwira ntchito yake, ndipo palibe wanzeru amene angaupeputse. Koma unasiya chizolowezi choipa mwa owerenga. Munthu akamamvetsera mboni amafuna kudziwa ngati ikunena zoona basi, sasamala za mmene yasanjira mawu. Chonsecho Douglass anali katswiri wa kasanjidwe ka mawu. Luso la kulankhula analiphunzira m'buku la The Columbian Orator limene analipeza ali mnyamata ku Baltimore, ndipo nkhani ya ndewu yake ndi Edward Covey, munthu wodziwika ndi ntchito yothyola mitima ya akapolo ouma khosi, anaikonza mwadala kuti ikhale posinthira moyo wake wonse. Panadutsa zaka zoposa 100 makalasi asanayambe kuona zimenezi.

Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865, mipingo ndi mabungwe achifundo anatsegula makoleji a anthu omasulidwa: Atlanta University mu 1865, Fisk mu 1866, Howard mu 1867, Hampton mu 1868, kuwonjezera pa Lincoln ndi Wilberforce amene analipo kale nkhondo isanayambe. Wina angaganize kuti kumeneko mabuku a anthu akuda anayamba kuphunzitsidwa nthawi yomweyo, koma sizinatero. Makoleji monga Fisk, Atlanta ndi Howard ankatsata silabasi ya ku New England, ya Chilatini, Chigiriki, Shakespeare ndi Milton. Chifukwa chake chinali chomveka. Anthu amene anakhala akuuzidwa kuti mitu yawo singasenze Chigiriki ankafuna kuonetsa kuti ingathe, motero ngakhale maphunziro awo anasanduka umboni. Mkangano wotchuka wa Booker T. Washington wa ku Tuskegee ndi W. E. B. Du Bois, umene unaonekera poyera mu The Souls of Black Folk mu 1903, unali wokhudza ntchito zamanja ndi maphunziro apamwamba. Zoti wophunzira wakuda aziwerenga alembi akuda m'kalasi zinali zisanafike pakamwa pa ambiri. Kwa ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. John Chilembwe anaphunzira pa koleji ya Abaptisti akuda ku Lynchburg, m'dera la Virginia, kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo Hastings Kamuzu Banda anadutsa ku Wilberforce ndi ku Meharry. Amene akukumbukira kuti sukulu imene Banda anatsegula mu 1981 inaika Chilatini ndi Chigiriki patsogolo azindikira ganizo lomwelo, loti ulemu wa munthu wakuda wophunzira umaonekera m'maphunziro akale a ku Ulaya.

Phunziro silingayambe popanda mabuku oti munthu n'kuwagwira m'manja, ndipo apa ndi pamene ntchito yeniyeni inayambira. Mu 1914 Jesse Moorland, m'busa komanso mkulu wa bungwe la YMCA, anapereka ku Howard mabuku ake okhudza anthu akuda. Arturo Schomburg, wobadwira ku Puerto Rico, amene ankagwira ntchito kubanki ku New York, ankathera malipiro ake pogula mabuku, timapepala ndi zolembedwa pamanja. Mu 1926 bungwe la Carnegie linagula zonsezo ndi madola 10,000 kuti zikhale mulaibulale ya mumsewu wa 135 ku Harlem. Koma kusonkhanitsa mabuku ndi kwina, kuwasanja kuti azipezeka ndi kwinanso. Dorothy Porter, amene anapatsidwa udindo wosamala mabuku a Moorland mu 1930, anapeza kuti m'malaibulale ambiri otsata dongosolo la Dewey, buku lolembedwa ndi munthu wakuda linkaponyedwa pa nambala 326, ya ukapolo, kapena pa 325, ya utsamunda, mosayang'ana zimene zili mkati. Ndakatulo za James Weldon Johnson zinkatha kupezeka pashelufu ya utsamunda. Porter anasanjanso mabukuwo malinga ndi zimene ali, ndakatulo kwa ndakatulo zinzake, zisudzo kwa zisudzo, nyimbo kwa nyimbo. Ntchito yotere ilibe chikoka, ndipo anthu saiimbira m'manja, koma mwa zonse zimene ndikufotokoza muno ndi imene ikuonetsa bwino mfundo yanga. Shelufu ya laibulale inali itagamula kale, wowerenga asanafike, kuti wakuda salemba ndakatulo, amangopereka chitsanzo cha vuto la dziko. Mayi ameneyu anakhala pa ntchitoyo zaka zoposa 40, ndipo mu 1946 Howard inagulanso mabuku a alembi akuda amene Arthur Spingarn anasonkhanitsa kuchokera m'maiko ambiri.

Aphunzitsi nawo anali kalikiliki. Benjamin Brawley wa ku Morehouse anatulutsa The Negro in Literature and Art in the United States mu 1918. Johnson anasonkhanitsa ndakatulo za alakatuli akuda m'buku limodzi mu 1922. Alain Locke wa ku Howard anakonza The New Negro mu 1925, buku limene linadziwitsa dziko za alembi achinyamata monga Langston Hughes, Countee Cullen ndi Claude McKay. Mu 1931 Otelia Cromwell, Lorenzo Dow Turner ndi Eva Dykes anakonza buku lopangidwira m'kalasi mwenimweni, Readings from Negro Authors. Koma dzina loyenera kuimapo ndi la Sterling Brown, amene anayamba kuphunzitsa ku Howard mu 1929 n'kukhalako zaka 40. Brown anali mlakatuli, ndipo ankadziwa kuti kuwerengedwa mwaulesi kumavulaza mlembi kuposa kusatamandidwa. Mu 1933 analemba nkhani yosanthula zithunzi 7 zimene alembi achizungu ankabwerezabwereza pofotokoza munthu wakuda, monga kapolo wokhutira ndi ukapolo wake, wanthabwala wopusa, ndi chilombo choopsa, posonyeza kuti nthano zimaumba maganizo a mtundu wonse. Mu 1937 anatulutsa mabuku awiri, lina lonena za nthano, lina za ndakatulo ndi zisudzo. Mu 1941, pamodzi ndi Arthur P. Davis ndi Ulysses Lee, anakonza The Negro Caravan, chibuku cha masamba oposa 1,000 chimene chinaika nyimbo zauzimu, blues, nyimbo zapantchito ndi zina zapakamwa pambali pa zolembedwa. Mu 1937 momwemo Hugh Gloster anasonkhanitsa aphunzitsi a Chingerezi a m'makoleji a anthu akuda ku LeMoyne College, mumzinda wa Memphis, n'kukhazikitsa bungwe limene lero limatchedwa College Language Association, ndipo mu 1939 J. Saunders Redding anatulutsa To Make a Poet Black. Pofika 1941 phunziroli linali ndi mabuku ake, mbiri yake, akatswiri ake ndi bungwe lake. Chimene linalibe ndi chilolezo cha mayunivesite a azungu.

Chilolezocho sichinabwere ngakhale mphoto zitayamba kugwa. Native Son ya Richard Wright inagulidwa kwambiri mu 1940. Gwendolyn Brooks analandira mphoto ya Pulitzer mu 1950, woyamba mwa anthu akuda. Invisible Man ya Ralph Ellison inapata National Book Award mu 1953. Komabe wophunzira Chingerezi pa yunivesite yaikulu ankatha kumaliza digiri osakumana ndi mlembi wakuda ngakhale mmodzi pasilabasi. Toni Morrison, amene anamaliza ku Howard mu 1953, pepala lake la digiri yachiwiri ku Cornell analemba za Virginia Woolf ndi William Faulkner. Mabukuwa akati alowe m'yunivesite, kawirikawiri ankalowera kwa ophunzira za chikhalidwe cha anthu, ngati zitsanzo za moyo wa m'madera osauka a ku Chicago. Oyamba kudandaula anali alembi eniake. Mu 1949 James Baldwin analemba nkhani yodzudzula nthano zolembedwa pofuna kudandaula chabe, ponena kuti zimamuchepetsa munthu mpaka kutsala bala lake lokha, ndipo anatchulamo Native Son, zimene zinasokoneza ubwenzi wake ndi Wright. Mu 1963 Irving Howe, mzungu amene ankaima ndi anthu akuda pa nkhani za ufulu, anadzudzula Baldwin ndi Ellison kuti ataya njira yaukali ya Wright. Yankho la Ellison ndi chimodzi mwa zolemba zofunika kwambiri pa nkhani yonseyi. Iye anakana zoti moyo wa munthu wakuda ndi masautso okhaokha, nanena kuti ngakhale amamulemekeza Wright, luso lake analiphunzira kwa alembi monga Eliot, Hemingway ndi Dostoevsky, ndipo anapempha kuti buku lake liyesedwe ndi muyeso wa luso. Howe sanali mdani, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu uli wofunika: ngakhale bwenzi linkafuna mboni yolira, pamene Ellison ankafuna wowerenga.

Chitseko chinatsegulidwa ndi ophunzira, ndipo sanachite kugogoda. Mu Marichi 1968 ophunzira a ku Howard komweko analanda nyumba ya maofesi a yunivesite kwa masiku angapo pofuna silabasi yolankhula za anthu akuda, zimene zikusonyeza kuti ngakhale kwawo kwa Brown phunziroli linali lapambali. Martin Luther King anaphedwa mu Epulo chaka chomwecho. Pa 6 Novembala 1968 ophunzira a ku San Francisco State College anayamba sitalaka imene inatha mu Marichi 1969, yaitali kuposa ina iliyonse ya ophunzira m'mbiri ya America, ndipo inabala dipatimenti ya maphunziro a anthu akuda imene maziko ake anakonza ndi Nathan Hare. Mu Epulo 1969 ophunzira a ku Cornell analanda Willard Straight Hall n'kutulukamo atanyamula mfuti, zithunzi zawo n'kufalikira m'nyuzipepala. Harvard ndi Yale anayambitsa maphunziro otere mu 1969. Ku Africa kuno nako kunali chimodzimodzi: mu 1968 Ngugi wa Thiong'o, Taban lo Liyong ndi Henry Owuor-Anyumba analemba chikalata ku Nairobi chofuna kuti dipatimenti ya Chingerezi ithetsedwe, zolemba za ku Africa zikhale pakati pa silabasi.

Apa ndi pamene otsutsa amaponda mwamphamvu. Amati phunziro limene linalowa ndi zionetsero ndi mfuti linalandiridwa chifukwa akuluakulu a mayunivesite anachita mantha, kukoma kwa mabuku ake kunalibe gawo. Ndipo buku la Allan Bloom la 1987 lodzudzula mayunivesite litatuluka, mkangano wa silabasi ya ku Stanford n'kubuka mu 1988, dandaulo limeneli linakula mpaka kudzaza nyuzipepala. Choonadi chilimo pang'ono. Madipatimenti ena anakhazikitsidwa mothamanga, opanda ndalama zokwanira, opanda aphunzitsi okhazikika, pongofuna kuti phokoso lithe. Ndiponso ena mwa achinyamata a gulu la Black Arts, otsatira Amiri Baraka ndi Larry Neal, ankayeza buku ndi phindu lake pa nkhondo ya ufulu, mpaka kumunyoza Ellison kuti ndi wogulitsa mtundu wake. Kumeneko kunali kubwerera ku kawerengedwe ka umboni, kungosintha woweruza. Koma ophunzira aja sanabwere ndi mabuku opekedwa dzulodzulo. Chitseko chitatseguka, zimene zinalowa ndi zomwe Porter anasanja ndi zomwe Brown anaphunzitsa, ndipo makampani osindikiza anathamangira kutulutsanso mabuku akale, The Negro Caravan ili m'gulu lomwelo. Kuwonjezera apo, palibe silabasi imene inachita kugwa kumwamba. Zolemba za azungu a ku America nazo zinkapeputsidwa m'mayunivesite a dziko lomwelo, kumene aphunzitsi ankaona kuti zolemba zenizeni ndi za ku England. Magazini ya akatswiri yotchedwa American Literature inayamba mu 1929, ndipo Moby-Dick ya Herman Melville, imene inatuluka mu 1851, inaiwalika mpaka m'zaka za m'ma 1920 pamene akatswiri anaifukula. Palibe amene amati Melville ndi wosayenera chifukwa anthu anachita kumumenyera nkhondo. Choyenera kufunsa n'chakuti kodi bukulo, litalowa, limapirira kuwerengedwa mwakuya?

Yankho likupezeka mwa Zora Neale Hurston. Their Eyes Were Watching God inatuluka mu 1937, ndipo Wright anaidzudzula kuti ilibe uthenga, ikungosangalatsa azungu ndi kalankhulidwe ka anthu akumudzi. Locke nayenso sanakhutire nayo. Poyesedwa ngati umboni, bukulo linkaoneka lopereweradi. Azungu alimo ochepa. Likunena za mkazi wotchedwa Janie, maukwati ake atatu, ndi kufunafuna kwake mawu akeake, mbali yaikulu ya nkhaniyo ikuchitikira m'tauni ya anthu akuda okhaokha ya Eatonville ku Florida. Hurston anamwalira mu 1960 ali wosauka, m'nyumba yosungira ovutika ku Fort Pierce, n'kuikidwa m'manda opanda chizindikiro, mabuku ake atasowa m'masitolo. Alice Walker anapita kukafunafuna mandawo mu 1973, nkhani yake inatuluka m'magazini ya Ms. mu 1975, Robert Hemenway anatulutsa mbiri ya Hurston mu 1977, ndipo bukulo linasindikizidwanso mu 1978. Makalasi atalitsegula mwachifatse anapeza zimene Wright sanazione. Hurston, amene anaphunzira za chikhalidwe cha anthu kwa Franz Boas ndipo anayendayenda kummwera kusonkhanitsa nthano, anakonza kuti nkhani yonse ikhale yosimbidwa ndi Janie kwa mnzake Pheoby, atakhala kuseri kwa nyumba madzulo. Mawu a wosimba wophunzira ndi mawu a anthu ocheza pakhonde la sitolo amayandikirana pang'onopang'ono mpaka wowerenga sathanso kuwalekanitsa. Kalankhulidwe kamene Wright anakayesa nthabwala ndiko kanali mutu wa nkhani: ndani ali ndi ufulu wolankhula, ndani amalamulidwa kukhala chete. Pamene mwamuna wachiwiri wa Janie, atasankhidwa kukhala meya, akumuletsa kulankhula pagulu, Hurston akutiphunzitsa za ulamuliro mozama kuposa mmene ulaliki wandale ukanachitira. Buku limene linalephera mayeso a umboni linapezeka kuti lili ndi ndale zakuya kuposa zimene odzudzula ake ankafuna, koma ndale zimenezo zimaoneka kwa yekhayo amene wayang'ana kaye kalukidwe kake.

Nkhani ya Harriet Jacobs ikuonetsa kuti kufufuza choonadi sikunatayidwe, kunangopatsidwa malo ake. Incidents in the Life of a Slave Girl inatuluka mu 1861 ndi dzina lobisika la Linda Brent, ndipo kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri ankaiyesa nthano yopeka, mwina ya mkonzi wake wachizungu Lydia Maria Child. Zoti mkazi angabisale zaka pafupifupi 7 m'kachipinda kakudenga kwa agogo ake, kosatheka n'kuimiriramo, zinkamveka zokokomeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Jean Fagan Yellin anapeza makalata a Jacobs opita kwa mnzake Amy Post, anatsatira maina m'zikalata zakale za tauni ya Edenton ku North Carolina, ndipo mu 1987 anatulutsa bukulo ndi umboni wonse. Umwini utatsimikizika, kuwerenga kunayamba. Zinaoneka kuti chimene chinkapangitsa bukulo kuoneka lopeka chinali luso la mwini wake. Jacobs anabwereka kalembedwe ka nthano zachikondi zimene amayi achizungu akumpoto ankazikonda, kuti awauze za nkhanza zimene akapolo aakazi ankachitidwa ndi ambuye awo, nkhani imene mkazi wolemekezeka sankaloledwa kuitchula. Kenaka anakana kumaliza ndi ukwati monga nthano zoterozo zinkathera. Mu 1983 Henry Louis Gates Jr. anatulutsanso Our Nig ya Harriet Wilson ya 1859, ndipo mu 1988 anatsogolera kusindikizidwa kwa mabuku 30 a amayi akuda a m'zaka za m'ma 1800. Barbara Smith mu 1977 ndi Barbara Christian mu 1980 anali atasonyeza kale kuti mbiri ya zolemba yotchula amuna okha inali theka chabe.

Kutsutsa kwachiwiri n'kwaulemu kuposa koyamba, ndipo kumachokera ngakhale kwa anthu akuda. Buku labwino ndi labwino. Bwanji kulitsekera m'kalasi yakeyake, ngati kuti tsankho lija labwerera ndi dzina latsopano? Akonzi a The Negro Caravan eniake analemba kuti alembi awo amawaona ngati alembi a America, ndipo zolemba zawo ndi gawo la zolemba za dzikolo. Ndikuvomereza kuti yunivesite imene imaphunzitsa Ellison m'kalasi ya zolemba za anthu akuda yokha, n'kumusiya kunja pophunzitsa nthano za ku America, yachita chinyengo. Komabe chifukwa chowerengera mabukuwa pamodzi chilipo, ndipo n'cha luso: mabukuwa amayankhana. Munthu wosaoneka wa Ellison, wobisala m'chipinda chapansi, akuyankha nthano ya Wright ya munthu wokhala pansi pa nthaka. The Color Purple ya Walker, yolembedwa m'makalata a mkazi amene sukulu sanapite nayo patali, ikupitiriza ntchito ya Hurston. Beloved ya Morrison ya 1987, imene inamera pa nkhani ya Margaret Garner, mayi amene mu 1856 anapha mwana wake kuti asabwezedwe ku ukapolo, ikulowa m'malo amene Douglass ndi Jacobs anawalambalala poopa kukhumudwitsa owerenga awo. Wowerenga Beloved asanawerenge mbiri za akapolo amamva chisoni chake, koma sadziwa kuti bukulo likukambirana ndi ndani. Gates anafotokoza kuyankhana kumeneku mu The Signifying Monkey mu 1988, ndipo pamene iye ndi Nellie McKay anatulutsa Norton Anthology of African American Literature mu 1997, anaikamo chimbale cha nyimbo ndi mawu olankhulidwa. Anachita bwino, chifukwa khutu limene silinamvepo mlaliki wa tchalitchi cha anthu akuda silingamve bwino ziganizo za Baldwin, amene anali mlaliki ali mnyamata. Morrison anaitembenuza nkhani yonse mu Playing in the Dark mu 1992, posonyeza kuti Poe, Cather ndi Hemingway samveka bwino munthu akapanda kuona wakuda amene waima m'mbali mwa nthano zawo. Phunziro limene linkanenedwa kuti likugawa silabasi linathandiza kuti silabasi yonse iwerengedwe bwino.

Pali madandaulo ena ochokera mkati mwa phunzirolo. Christian anachenjeza mu 1987 kuti akatswiri ayamba kupikisana pa mfundo zovuta zobwereka ku Ulaya, m'chilankhulo chimene alembi ndi owerenga wamba sangachimve, mabuku eniake n'kusiyidwa pambali. Chenjezo limeneli silinakalambe. Nkhani zambiri za akatswiri zimatopetsa, ndipo silabasi imakonda kuzungulira maina ochepa omwewo, pamene Robert Hayden, Ann Petry kapena Charles Chesnutt amapatsidwa sabata imodzi, ngati apatsidwa n'komwe. Limenelo ndi vuto la kaphunzitsidwe, ndipo mankhwala ake ndi kuwerenga mabuku ambiri. Dandaulo lolemera kwambiri ndi la Kenneth Warren wa ku University of Chicago, amene mu 2011 ananena kuti zolemba za anthu akuda monga gulu limodzi zinabadwa chifukwa cha malamulo a tsankho amene khoti lalikulu linavomereza mu 1896, ndipo zinatha malamulowo atathetsedwa m'zaka za m'ma 1960. Mfundo yake ndi yakuthwa, makamaka masiku ano pamene alembi ochokera ku Nigeria, Ghana kapena Jamaica akulemba ku America ngakhale makolo awo sanadutse mu ukapolo wa kumeneko. Koma sindikuona kuti ikugwetsa phunziroli. Warren atakhala kuti walondola, nyengo ikatha kuphunzira za nyengoyo sikutha. Ndiponso alembi monga Colson Whitehead, Jesmyn Ward ndi Percival Everett, amene mu 2024 anasimbanso nthano ya Mark Twain wosimba wake ali kapolo Jim, akubwererabe dala ku mabuku ndi mbiri zakale zija. Alembi akamayankhanabe ndi amene anawatsogolera, n'kovuta kunena kuti mwambo wawo unatha.

Choopsa chenicheni lero ndi chizolowezi chakale chija. Mu Januwale 2023 boma la Florida linakana kuti kosi ya maphunziro a anthu akuda yokonzedwa ndi College Board, imene ophunzira a sekondale amaitenga pa mlingo wa ku koleji, iphunzitsidwe m'sukulu zake. Ndipo The Bluest Eye ndi Beloved za Morrison, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993, zili m'gulu la mabuku amene makolo ndi andale ena amafuna kawirikawiri kuti achotsedwe m'malaibulale a sukulu. Oletsawo amawerenga mabukuwa ngati chisamani, ndipo amadziona kuti ndi iwo akuimbidwa mlandu. Koma ambiri mwa okonda mabukuwa nawo amachita zomwezo kuchokera mbali ina. George Floyd ataphedwa mu 2020, nthano ndi ndakatulo za anthu akuda zinaikidwa pa mindandanda ya mabuku ophunzitsa za tsankho, ngati kuti Morrison analemba pofuna kuthandiza azungu kulapa. Sindikunena kuti mbiri ichotsedwe m'kalasi. Wosadziwa lamulo la 1850 lobweza akapolo othawa sangamvetse chifukwa chake Sethe, mayi wa mu Beloved, anapha mwana wake. Koma mbiriyo ndi poyambira chabe. Mphunzitsi amene wadutsitsa ophunzira ake mu Beloved yonse osawafunsa chifukwa chake Morrison anaiduladula nkhaniyo, chifukwa chake tsiku la imfa ya mwana lija likusimbidwa koyamba monga mmene analionera azungu odzagwira akapolo, kapena chifukwa chake m'gawo lachiwiri mawu a akazi atatu akusakanikirana mpaka mwini wake osadziwikanso, waphunzitsa mbiri ya ukapolo, ndipo a dipatimenti ya mbiri akanaiphunzitsa bwino kuposa iye.